Kodi Mwana wa Mmphaŵi Akadandaule Kuti?

Pa 8 Meyi 2023 Bwalo Lalikulu lamilandu ku Zomba lidagamula mlandu umene mphunzitsi aliyense ayenera kuudziŵa. Woweruza, Mayi Zione Ntaba, adalamula kuti kukaniza ana a chipembedzo cha Rastafari m'sukulu za boma kaamba ka tsitsi lawo lopota nkuswa Malamulo Aakulu a dziko lino. Ndime 25 ya malamuloŵa ipatsa munthu aliyense ufulu wophunzira, ndipo ndime 20 iletsa tsankho.

Chigamulochi chidandikondweretsa, komatu chidandisiya ndi nkhaŵa. Mlanduwo udayamba m'chaka cha 2017. Amene adaloŵa Folomu 1 chaka chimenecho adali atatsiriza kale Folomu 4 pamene chiweruzo chinkaperekedwa. Ndiponso anawo adafika kubwalo chifukwa maloya ndi mabungwe adaŵagwira dzanja.

Nanga mwana wa mlimi wa manachesi wa kwa Kanduku kapena ku Thambani amgwire dzanja ndani? Iye sapirikitsidwa ndi kalata ai. Chimpirikitsa ndi mtunda, njala ndi usiŵa. Kuno ku Mwanza ndidaphunzitsapo mtsikana wina wanzeru zedi, amene ankayenda maola aŵiri m'mimba muli pululu. Mayeso a sayansi adalemba amodzimodzi ndi anzake a m'sukulu zogonera komweko zokhala ndi labotale, iye asadakhudzepo chipangizo nchimodzi chomwe. Atalephera, anthu adati ngwaulesi.

Tsono ndime 20 ija, imene idateteza chipembedzo, itchulanso chuma ndi kulumala pakati pa zinthu zosayenera kusankhira munthu. Ngati tsitsi silingatseke chitseko cha sukulu, bwanji umphaŵi uzitseka?

Aphunzitsi anzanga, bwalo loyamba la mwanayu ndife. Tisanambweze kaamba ka yunifolomu, tikumbukire kuti tikugamula mlandu wopanda loya. Inunso amene mwatsiriza sukulu, muŵerengereni makolo ndime ziŵirizi m'Chicheŵa, ndi kuŵauza kuti ofesi ya Ombudsman ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission zimamva madandaulo kwaulere. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma ngati wamva m'mimbayo ndi mwana, chitsekocho timtsekulire ndife.