Utsi wa M'chigwa

Chaka ndi chaka, thonje likangotha kutoledwa ku Ngabu ndi ku Bangula, timazula mitengo yake ndi kuiyatsa pamtetete. Kutentha n'koyenera ndithu, pakuti mbozi zimabisala m'menemo. Koma tikhutiriranji ndi phulusa limene mphepo ingouluza?

Mitengo yomweyo, pamodzi ndi mapesi, tikaiyatsa m'dzenje ndi kuzimitsa motowo ndi madzi usananyeketse zonse, imasanduka makala. Makalawo, osinjidwa ndi kusakanizidwa ndi ndowe za ng'ombe, zosasowa kwathu kuno, amasunga chinyontho ndi chonde m'nthaka zaka zambiri. Anthu akale a ku Amazon anasiya dothi lakuda lotere, ndipo likubalabe.

Ena akuti ntchitoyi njolemetsa. Nanga kugwetsa tsanya ndi kukankha matumba a makala panjinga, chitunda chonse cha Thabwa kunka ku Blantyre, n'kopepuka? Mapiri amene tawameta anawonjezera ukali wa madzi mu 2015, chaka chimene Papa Francis anatidandaulira za chilengedwe mu Laudato Si', ndiponso mu 2023 pa namondwe wa Freddy.

Luso lowotcha makala tili nalo kale. Miphakati yathu ikudikira yani kuti ikumbe dzenje loyamba m'munda wa tchalitchi?