Nkhoko Zoyera za M'ketulo ku Kabwe

Akale anati madzi saiwala khwawa. Mawu amenewa amapherezeka tsiku ndi tsiku m'tauni ya Kabwe, m'dziko la Zambia, kumene mayi wophika tiyi ndi ketulo ya magetsi amazidziwa bwino nkhoko zoyera zimene zimakanirira pansi pa ketuloyo. Nkhokozo ndizo mboni ya njira imene madzi anadzera asanafike pampope.

Tauniyi, imene inkatchedwa Broken Hill kufikira chaka cha 1966, inakhala pamwamba pa miyala ya mtundu wa laimu, ndipo madzi ambiri a m'mipope yake amapopedwa m'zitsime zakuya zobooledwa m'miyala yomweyo. Mvula pogwa imatenga mpweya wa carbon dioxide, ndipo ikalowa m'nthaka imasungunula miyalayo pang'onopang'ono, nitenga mchere wa calcium ndi magnesium. Madzi otere akatswiri amawatcha olimba. Akakhala ozizira amaoneka oyera mbee! Koma akaphitsidwa mpweya uja umathawa, ndipo mcherewo umabwerera kukhala mwala.

Mwala umenewu ndiwo umakuta chitsulo chotenthetsera madzi m'ketulo, m'giza ndi m'makina ochapira zovala. Chitsulo chikakutidwa, kutentha kwake kumachedwa kulowa m'madzi. Icho chimapsa chokha mkati mwa nkhokozo mpaka tsiku lina chingoti zii, osayakanso. Timabowo ta simbi ya nthunzi ndi ta shawa timatsekeka, mapaipi a madzi otentha amachepa njira, ndipo sopo amatha msanga popeza sachita thovu. Mwini nyumba amanyoza sitolo kuti inamugulitsa katundu wachabe, pamene chomuwonongera chili m'madzi momwemo.

Za umoyo, madzi olimba alibe mlandu. Bungwe la World Health Organization silinaike malire a kulimba kwa madzi pa chifukwa cha matenda. Linangochenjeza kuti laimu akapitirira mamiligalamu pafupifupi 200 pa lita imodzi, nkhoko zimatha kuyamba m'mapaipi ndi m'ziwiya. Motero opereka madzi saphwanya lamulo lililonse la zaumoyo. Komabe msonkho ulipo, wosalembedwa papepala, ndipo umapweteka kwambiri banja limene linasunga ndalama miyezi ingapo kuti ligule ketulo imodzi.

Ena amati laimuyo azichotsedwa kumalo oyeretsera madzi. Njira yake ndi yakale ndithu: Thomas Clark, mphunzitsi wa ku Aberdeen m'dziko la Scotland, anailembetsa m'chaka cha 1841. Koma ntchitoyo imalira makina, mankhwala ndi amisiri, ndipo mtengo wake ungagwere pa olipira madzi onse, ndi iwo omwe amene amaphika pambaula, opanda giza kapena simbi ya magetsi. Kuwonjezera apo, madzi ochotsedwa mchere mopitirira muyeso amadya mapaipi achitsulo. Pamene makomboni ena akudikirabe mpope, ndalama za madzi zili ndi ntchito yoyamba kuposa imeneyi.

Chimene chingatheke popanda ndalama zambiri ndicho kuwauza anthu zoona. Opereka madzi amawayesa madziwo kawirikawiri. Nanga chowaletsa n'chiyani kulemba muyeso wa laimu papepala lolipirira? Eni masitolo nawonso ayenera kumuuza wogula kasamalidwe ka chiwiya m'dera la madzi otere. Malangizo ake ndi apafupi. Viniga kapena madzi a mandimu, akasakanizidwa ndi madzi ndi kutenthetsedwa m'ketulo, amasungunula nkhoko. Kupala ndi mpeni kumangovulaza chitsulo. Giza isamatenthe kupitirira madigiri 60, pakuti pamwamba pa apo nkhoko zimakula mofulumira. M'simbi ya nthunzi muzithiridwa madzi a mvula osefa bwino, amene alibe laimu.

Ku Kabwe chilipo chifukwa china chofunira kulankhula momveka. Mgodi wa mtovu umene unatsekedwa m'chaka cha 1994 unasiya poizoni m'dothi ndi m'fumbi la makomboni oyandikana nawo, ndipo ana ndiwo amavulala koposa. Kholo losauzidwa lingathe kuopa nkhoko zoyera, zimene sizidwalitsa, niiwala fumbi limene mwana akusewerapo. Lingathenso kukhulupirira kuti kuphitsa madzi kumachotsa choipa chilichonse, pamene kuphitsa kumapha tizilombo chabe, osachotsa mtovu.

Safunsa anadya phula, anatero akale. Koma wodziwa amene amakhala chete mnzake akudya phulalo ali ndi mlandu woposa. Miyala ya pansi pa Kabwe siidzasintha, ndipo madzi ake adzapitiriza kubwera ndi laimu. Mzere umodzi papepala lolipirira madzi ungapulumutse ziwiya zambiri, ndi ndalama za mabanja amene alibe zogulira zina.