Achule Sanachiritse Malume Anga

Anzanga, ndiloleni nditsutse mau amene ndinamva usiku wina m'nyumba yathu yogona, akuti mankhwala a khansa ya kummero anapezeka kale m'khungu la chule. Ine ndine wa kwa Tengani, kumene achule a m'madambo a Shire satigonetsa tulo m'dzinja. Mauwa akanakhala oona, bwenzi malume anga ali moyo lero.

Pali choonadi pang'ono ndithu. M'chaka cha 1987 dokotala wa ku America, Michael Zasloff, anaona kuti achule a ku Africa amene anali kuwachita opaleshoni sanali kutukusira mabala, ngakhale anawabwezera m'madzi auve. Anapeza m'khungu lawo timapuloteni tating'ono tobowola tizilombo, natitcha magainin. Pambuyo pake ena anaona kuti timapuloteni totere timapha maselo a khansa m'mbale zoyesera. Tsono ganizo ndi lakuti alowetse m'chotupa malangizo a chibadwa, kuti maselo adzipangire okha chowapha. Dziko la China linavomereza njira yolowetsa malangizo otere m'zotupa za m'mutu ndi m'khosi m'chaka cha 2003, koma mankhwala akewo, Gendicine, sachokera kwa chule konse. Mbale yoyesera si mmero wa munthu ai.

Malume anayamba kudandaula kuti nsima ikuima pachifuwa. Tinawaseka, tinati asinza mbamu. Kenaka anatsikira ku phala, pomaliza ngakhale madzi anali kubwerera. Miyezi yambiri inathera kwa asing'anga, popeza abale anati analodzedwa chifukwa cha dimba. Pofika ku chipatala, madokotala anangowaika kapaipi kummero kuti azimeza masiku otsalawo.

Malawi ali m'gulu la maiko amene nthendayi iri yochuluka kopambana pa dziko lonse, ndipo ofufuza amaloza kachasu, fodya ndi kumwa zotentha kwambiri. Izi tonse tizidziwa, ngakhale ife amene timathamangira tiyi wowotcha lilime belu lisanalire.

Sindikunyoza akatswiri, ndikakhoza mayeso ndifuna kukhala mmodzi wa iwo. Koma ndikuopa kuti mbiri ya chuleyi ikafika kumudzi, wina adzasenda achule naleka ulendo wa ku chipatala. Tchuthi chino ndikafunsa agogo ngati nsima ikutsika bwino, ndipo akazengereza kuyankha, ndikawakweza pa njinga m'mawa mwake.