Kodi Mutu wa Mayi Sungasunge Buku la Kooperativa?



Masankho akayandikira timamva mawu omwe aja. Wapampando akhale bambo. Mlembi akhale bambo. Msungichuma, ameneyo ndiye osayerekeza, akhale bambo basi. Amayi aphike nsima ya pamsonkhano. Mukafunsa chifukwa, ati ubongo wa mkazi ndi waung'ono, masamu sakhalamo. Ena amawonjezera kuti si nkhambakamwa ayi, anthu ophunzira anachita kuyeza pa sikelo. Chomvetsa chisoni n'chakuti amayi ena amavomera okha. Amati, "Ife tisiyeni, mitu yathu njouma."

Ine ndikuti mawu amenewa ndi olakwa, ndipo akuluzitsa kooperativa. Koma tisangokana ndi pakamwa. Tiyeni tione chimene anayezacho.

Kuyeza anayezadi. M'zaka za m'ma 1860, mumzinda wa Paris ku France, kunali dokotala dzina lake Paul Broca. Iye anasonkhanitsa kulemera kwa ubongo wa anthu omwalira m'zipatala. Ubongo wa amuna unkalemera magalamu 1,325, wa akazi magalamu 1,144, tikatenga pakatikati. Kusiyana kwake magalamu 181. Broca anati umenewu ndi umboni wakuti nzeru za akazi n'zoperewera.

Sikelo yake sinaname. Ngakhale lero madokotala amapeza kuti ubongo wa amuna ndi wokulirapo, pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi. Cholakwika chinali tanthauzo limene iye anaika pa manambalawo. Thupi la mwamuna nalonso ndi lokulirapo. Mtima wake ndi wokulirapo, mapapo ake, ngakhale phazi lake. Kodi wa phazi lalikulu ndiye amadziwa njira? Komanso akazi amene Broca anayeza ambiri anamwalira ali okalamba kuposa amunawo, ndipo ubongo umachepa munthu akamakalamba.

Alimi izi sitivutika kumva. Phesi lalitali si ndilo limabereka chimanga chachikulu. Ubongo wa njovu umaposa makilo 4, koma njovu siiwerenga. Albert Einstein, katswiri wa sayansi wodziwika dziko lonse, atamwalira mu 1955 ubongo wake anauyeza. Unalemera magalamu 1,230 okha, osafika n'komwe pa muyeso wa amuna a Broca aja. Ndipo mu Paris momwemo munadzagwira ntchito mayi wina, Marie Curie, amene analandira mphoto ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi mu 1911.

Pali china chimene abambo tiyenera kuchimva bwino. Akatswiri a nthawi imeneyo, ndi Broca yemwe, sankayeza akazi okha. Ankayezanso zibade za anthu akuda, n'kumati munthu wakuda ndi wotsika pa mzungu. Maganizo amenewa atsamunda anawakonda kwambiri. Anawathandiza kunena kuti ife tiyenera khasu, thonje ndi chibalo, osati sukulu. Pamene Mozambique inalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga. Kodi inali mitu youma? Ayi, chitseko cha sukulu chinali chotseka. Tsono bambo amene lero akuti mkazi wake ali ndi ubongo wochepa watola ndodo imene ankamenyera agogo ake, n'kulowa nayo m'nyumba mwake.

Masiku ano kuli makina ojambula mkati mwa mutu munthu ali moyo. Mu 2015 mayi wina wofufuza, Daphna Joel wa ku Tel Aviv, pamodzi ndi anzake anaona zithunzi za ubongo wa anthu oposa 1,400. Ankafuna kuona ngati pali mitundu iwiri ya ubongo, wachimuna ndi wachikazi. Anapeza kuti anthu ambiri ubongo wawo ndi wosakanizika. Mbali ina ikufanana ndi zimene zimapezeka kawirikawiri mwa amuna, mbali ina ikufanana ndi za akazi, m'mutu umodzi womwewo. Zili ngati dimba limene muli mpiru, tomato ndi anyezi, ndipo madimba awiri ofanana ndendende simungawapeze.

Sindikunena kuti kusiyana kulibiretu. Matenda ena a ubongo amakondera. Nthenda yonjenjemera manja yotchedwa Parkinson imagwira amuna ambiri kuposa akazi. Nthenda yoiwala ya muukalamba yotchedwa Alzheimer imapezeka kwambiri mwa akazi. Pa mayeso ena, monga kutembenuza chithunzi cha chinthu m'maganizo, gulu la amuna limaposako pang'ono. Pa mayeso ena a mawu, gulu la akazi limaposako. Madokotala ayenera kuzidziwa zimenezi. Koma kooperativa sisankha gulu. Imasankha munthu mmodzi, Nabanda kapena Aphiri. Ndipo kusiyana pakati pa bambo ndi bambo mnzake n'kwakukulu kuposa kusiyana pakati pa gulu la amuna ndi gulu la akazi. Tonse timamudziwa bambo amene satha kubweza chenji ya thumba limodzi la feteleza.

Tsopano nkhani imene imandisangalatsa ine koposa, chifukwa ikukhudza inu amene mukuwerenga tsamba lino. Ubongo umasintha ndi ntchito imene mwaupatsa.

Kum'mwera kwa Portugal, kwawo kwa atsamunda omwe aja, mabanja ambiri osauka anali ndi chizolowezi chimene ife tikuchidziwa bwino. Mwana wamkazi woyamba ankatsala pakhomo kulera azing'ono ake, ang'onowo n'kumapita kusukulu. Dokotala wa ku Lisboa, Alexandre Castro-Caldas, ndi anzake anatenga amayi okalamba a kumeneko, ena odziwa kuwerenga, ena osadziwa. Anawauza kuti azibwereza mawu amene akumva. Mawu enieni onse anabwereza bwino. Koma atawapatsa mawu ongopeka, opanda tanthauzo, osawerenga aja anavutika, ndipo makina anaonetsa kuti ubongo wawo ukugwira ntchito mosiyana ndi wa anzawo. Zimenezi anazilengeza mu 1998. Taonani bwino apa. Onsewo anali akazi, a dera limodzi, oleredwa m'umphawi umodzi. Chimene chinawasiyanitsa ndi sukulu.

Mwina wina akuti, "Ndiye kuti ife akuluakulu tachedwa." Simunachedwe. Mu 2010 Stanislas Dehaene wa ku France ndi anzake anajambula ubongo wa anthu a ku Brazil ndi ku Portugal. Ena mwa iwo anaphunzira kuwerenga atakula kale, ngati ife. Anapeza kuti kachigawo kena ka kumanzere kwa ubongo, kamene kamazindikira zilembo, kanayamba kugwira ntchito imeneyi mwa iwonso. Tsala likhoza kugona zaka makumi anayi, koma mukalilima limabereka.

Nanga n'chifukwa chiyani m'makalasi mwathu amayi ambiri amatsalira? Kalembera wa 2017 anapeza kuti pafupifupi theka la amayi a m'dziko muno sankadziwa kuwerenga, pamene abambo otere sankakwana atatu pa khumi alionse. Yankho musalifune m'chibade. Lifuneni pa dzuwa. Bambo ndi mayi apita kumunda limodzi mbandakucha, abwerako limodzi. Bambo akhala pamthunzi, atsegula buku lake. Mayi atenga ndowa ulendo kumjigo. Akabwera, nkhuni. Akabwera, mtondo kapena kuchigayo, kenaka moto, kenaka mwana akulira. Akamafika m'kalasi phunziro lili pakati, maso akulemera ndi tulo. Mawa mphunzitsi afunsa, mayi alephera, bambo wina kumbuyoko aseka. Ati, "Si ndinanena?"

Chonsecho mayi yemweyu masamu amawachita tsiku ndi tsiku. Ndani amayang'ana m'nkhokwe n'kudziwa ngati chimanga chifika mwezi wa Febuluwale? Ndani amasankha nyemba za mbewu, n'kuzibisa kuti zisadyedwe m'nthawi ya njala? Ndani amagulitsa tomato pamsika, kuwerenga milu, kubweza chenji, n'kukumbukira angongole asanu popanda pepala? Chimene akusowa ndi pensulo ndi nthawi. Dziko lino linazindikira zimenezi kale. Gulu la amayi la OMM linakhazikitsidwa mu 1973, nkhondo ya ufulu ili mkati. Graça Machel anayendetsa unduna wa maphunziro kuyambira 1975 mpaka 1989. Luísa Diogo, mwana wa kuno ku Tete, anasunga chuma cha dziko lonse ngati nduna ya zachuma, kenaka anakhala nduna yaikulu kuyambira 2004 mpaka 2010. Ndiye ife tiziopa kupatsa mayi kabokosi ka ndalama za mbatatesi?

Ngati tikufunadi kusamala ubongo wa anthu athu, ntchito ili m'munda ndi m'mbale. Ubongo wa mwana umakula mofulumira ali m'mimba ndi m'zaka ziwiri zoyamba. Mayi woyembekezera akasowa mchere wa ayodini, akasowa magazi, amene amapwetekeka ndi mwana, kaya wamwamuna kaya wamkazi. Choncho tisagulitse nyemba, soya ndi mtedza zonse. Nsinjiro zilowe m'phala la mwana. Dzira lisakhale la bambo yekha. Ana agone m'masikito, chifukwa malungo akakwera kumutu nawonso amawononga ubongo.

Pamsonkhano ukubwerawu ndikupempha kuti tikambirane ola la kalasi, ndipo amayi anene okha nthawi imene angathe. Tsiku la sukulu, madzi ndi nkhuni zibwere ndi abambo ndi anyamata. Njinga zilipo. Mwana wamkazi woyamba asatsale pakhomo kulera anzake ngati aja a ku Portugal.

Posankha msungichuma, tiike sikelo, thumba ndi buku pakati pa bwalo. Aliyense wofuna udindo, mayi kapena bambo, ayeze, alembe, awonkhetse pamaso pa anthu. Mukhoza kuyamba kukonzekera usiku uno. Kooperativa yakolola matumba 17 a nyemba, lililonse la makilo 50. Matumba 3 tasunga a mbewu. Tagulitsa makilo angati? Bambo alembe pake, mayi alembe pake, osaonerana. Mayankho mubwere nawo m'kalasi.