Mawu Akuti "Sisitemu Yagwa" Satikwanira

Awerengi athu akumbukira kuti mu January 2024 makina osindikiza ziphaso zoyendera anaima kwa masabata ambiri. Mu February chaka chomwecho Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbala za pa kompyuta zinatseka makinawo ndipo zinali kufuna dipo. Palibe wosadziwa kulemera kwa chiphaso ku Edingeni, likulu la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ndi m'midzi ina ya kumwera kwa Mzimba, kumene mabanja ambiri adya thukuta la ana awo a ku Joni.

Makina akaima, kalaliki ayankha anthu ndi mawu awiri okha: "Sisitemu yagwa." Ife tikuti mawuwa ndi operewera, pakuti aphimba zinthu zosiyana: kuthima kwa magetsi, kuduka kwa chingwe, kufa kwa chitsulo china m'kati, kapena kulowa kwa mbala. Sing'anga amene nthenda zonse azitcha dzina limodzi sachiza munthu.

Anzathu akunja anayamba kale kutcha zinthu izi maina. M'chaka cha 1974 Bambo James Treybig anayambitsa kampani ya Tandem ku California, ndipo mu 1976 anatulutsa makina otchedwa NonStop, ndiye kuti osaima, amene mabanki anawakonda kwambiri. Nzeru yake ndi yomwe makolo ananena kuti ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Taonani mawu anayi a m'makina otere. Loyamba ndi process pair. Ntchito iliyonse ili ndi mwini wake ndiponso wachiwiri wokhala m'chigawo china cha makina. Tingawatche mwinintchito ndi wogwirizira. Lachiwiri ndi checkpoint, ndiko kuuza wogwirizira kawirikawiri pamene ntchito yafika, monga mphunzitsi alemba m'buku pamene walekezera kuti mnzake asayambenso pa tsamba loyamba. Lachitatu ndi heartbeat. Chigawo chilichonse chitumiza mawu kwa zinzake kamphindi ndi kamphindi kuti chikali moyo. Chikangoti zii, zinzakezo zidziwa kuti chafa. Lachinayi ndi failover, ndiko kulandira ntchito: wogwirizira apitiriza pomwepo, ndipo munthu wodikira pa mzere sazindikira n'komwe kuti kanthu kachitika.

Palinso chiwerengero chimene wogula aliyense ayenera kuchimvetsa. Wogulitsa akalonjeza kuti makina adzagwira ntchito nthawi 99 mwa 100, chimveka chokoma, koma ndiye kuti angaime masiku atatu ndi theka pa chaka. Akanena 99.999, kuimako sikufika mphindi 6 pa chaka chathunthu.

Tisanyengane, makina a pawiri sathetsa zonse. Ateteza ku kufa kwa chitsulo, koma mbala ikalowa iwononga mbali zonse ziwiri pamodzi. Mankhwala a mbala ndi ena: kaundula wachiwiri wosungidwa kutali, amene atchedwa backup. Mkulu wa Boma wosasiyanitsa mawu awiriwa, failover ndi backup, angagule chimodzi naganiza kuti wagula zonse.

Chifukwa chake tipempha zinthu ziwiri. Choyamba, a Centre for Language Studies ku Zomba akhale pansi ndi akatswiri a makompyuta, atikonzere mawu awa m'Chichewa ndiponso m'Chitumbuka, chimene anthu a ku Edingeni alankhula, kuti aphunzitsi akhale nawo pophunzitsa ana. Chachiwiri, makalaliki ndi akuluakulu ogula katundu wa Boma aphunzire kufunsa mafunso atatu: Chigawo ichi chikafa, alandira ntchito ndani? Alandira patapita nthawi yanji? Kaundula wachiwiri ali kuti?

Boma lichita bwino kuika ntchito zake m'makompyuta, ndipo ndalama zake ndi za msonkho wa tonse. Tsono wochokera ku Edingeni, amene wagulitsa mbuzi kuti apeze ya basi yopitira ku Mzuzu, ayenera kuuzidwa chimene chafa ndi tsiku loti abwerenso.