CHONGWE ASANDUKA KOGONA KWA ANTHU A MU LUSAKA

Munthu wocokera ku Chipata kapena ku Petauke pa basi, akaoloka ulalo wa Luangwa natsiriza mapiri a ku Rufunsa, amafika pa Chongwe patatsala makilomita pafupifupi 45 kuti alowe mu Lusaka. Kale kucoka pamenepo anali kuona minda ya cimanga ndi ng'ombe za kumafamu. Lero, pamene basi iyandikira ku bwalo la ndeke, maso akumana ndi mipanda ya njerwa ndi nyumba zosatha kumanga, cifukwa mzinda wa Lusaka wasefukira kum'mawa.

Dziko limeneli ndi la Asoli, pansi pa Mfumu Yaikuru Nkomeshya Mukamambo II, ndipo caka ndi caka iwo acita mwambo wa Chakwela Makumbi, wopempha mvula asanayambe kubyala. Atsamunda atasamutsa likulu kucoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, anamanga pa nthaka ya Asoli omwewa. Kuyambira pamenepo zinthu zosowa malo mumzinda zakhala zikukankhidwira ku Chongwe: sukulu ya aphunzitsi ya Chalimbana mu 1939, imene tsopano ndi yunivesiti, ndi bwalo lalikuru la ndeke mu 1967. Bwalo limeneli, lochedwa Kenneth Kaunda kuyambira mu 2011, anthu ambiri aliyesa la mu Lusaka, koma liri m'boma la Chongwe.

Rufunsa anapatulidwa kukhala boma palokha, komabe pa kalembera wa 2022 anthu a m'boma la Chongwe anapitirira 300,000. Ambiri mwa obwera si alimi ai. Alawira ku nchito mu Lusaka m'mamawa ndi kubwerera madzulo kudzagona m'malo onga Silverest ndi Meanwood.

Cimene catsegula khomo ndi lamulo la malo la 1995. Lamuloli lilola kuti malo a mfumu asandutsidwe a mapepala a zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza. Wa ndalama aona munda wa m'mbali mwa mseu ngati mapuloti makumi awiri; mwini munda alandira ndalama zimene sanazigwirepo cibadwire, naganiza kuti wapata. Koma malo akangolowa m'mapepala atuluka m'manja mwa mfumu, ndipo nyakwawa sangagawireponso mwana wa m'mudzi wofuna kulima. Msipu wa ng'ombe, njira ya kumtsinje, ngakhale manda, zonse zipezeka mkati mwa mpanda wa munthu wosadziwika. Ndalama ija yatha m'zaka ziwiri, munda wapita mpaka muyaya.

Za madzi nazo ziri comweco. Tauni ya Chongwe imamwa m'dziwe la pa mtsinje wa Chongwe, ndipo m'zaka za cilala dziwelo laphwapo mpaka madzi kubwera pa magalimoto kucokera ku Lusaka. Mtsinje wa Ngwerere, umene umathira mu Chongwe, umatenga madzi oipa a mumzinda. Nkhalango ya boma ya nambala 27, kumene mtsinje wa Chalimbana uyambira, inacotsedwa pa citetezo mu 1983, ndipo anthu atadandaula kuti mtsinjewo ukuuma, boma linaibwezera mu 1996. Pakati pa 2017 ndi 2019 mbali zace zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba, ngakhale Asoli ndi mfumu yao anakana poyera.

Khonsolo ya Chongwe tsopano iri ndi meya wosankhidwa ndi anthu, ndipo nyumba zatsopano zibweretsa misonkho imene mudzi wa udzu sungapereke. Apa ndiye pali ciyeso: khonsolo imodzimodziyo imene ipindula mapuloti akacuruka ndiyonso iyenera kuona ngati pamalo ofunsidwawo palibe anthu olimapo kale. Ciyembekezo ca mlimi wa kwa Nkomeshya ciri pa kansala wa wadi yace, ngati adzafika kumudzi kudzafunsa eni minda cikalata cisanasainidwe.