Khungu likauma ngati cikopa: kuwala, sikani ndi kope lanu

Mu May 2025, maiko a m'bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO anakumana ku Geneva. Anagwirizana kuti matenda a khungu aziwerengedwa pakati pa mavuto aakulu a umoyo. Mozambique ili m'bungwe limeneli. Kodi mgwirizanowu ukumukhudza bwanji munthu wa ku Insaca, wa ku Entre Lagos kapena wa m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta? Tiyeni tione nthenda imodzi, kuti timvetse bwino.

Nthenda youmitsa khungu

Dzina lake ndi scleroderma. Ndi mawu a Cigiriki, kutanthauza khungu lolimba. M'khungu lathu muli tizingwe tocedwa collagen, timene timagwira khungu kuti likhale lamphamvu. Mwa munthu wodwala nthendayi, thupi limapanga tizingweti mopyola muyezo. Khungu limakhuthala, limauma ndipo limanyezimira. Mukalitsina, silikweza.

Ilipo mitundu iwiri ikuluikulu. Wina umagwira khungu lokha, m'zigamba kapena m'mzere wotsika pa mkono kapena pa mwendo. Umenewu amauchula morphea. Wina umafika mkati, ku mapapo, ku mtima ndi ku impso. Nthendayi imagwira akazi ambiri kuposa amuna. Siipatsirana. Mutha kudyera m'mbale imodzi ndi wodwala, palibe vuto. Tsiku lokumbukira nthendayi ndi 29 June, tsiku limene wojambula zithunzi Paul Klee anamwalira nayo mu 1940.

Kuwala ngati mankhwala

Mwina munaonapo khanda lacikasu litagonekedwa pansi pa nyale ku cipatala. Kumeneko ndi kucizitsa ndi kuwala. Pa khungu louma amagwiritsa nchito kuwala kwa mtundu wina, kochedwa UVA1. Madokotala a ku Germany ndiwo anayamba kulemba za njirayi m'zaka za m'ma 1990. Kuwalako kumalowa pansi pa khungu ndi kuthandiza thupi kuphwanya tizingwe toonjeza tija. Pang'onopang'ono cigamba cimafewa.

Koma si za tsiku limodzi ayi. Wodwala amapita ku makinawo katatu mpaka kasanu pa mlungu, kwa milungu ingapo. Amavala magalasi oteteza maso, ndipo dokotala ndi amene amayeza kuculuka kwa kuwala.

Apa cenjerani. Kuothera dzuwa si cimodzimodzi ndi makinawa. M'dzuwa muli ceza cina cimene cimatentha khungu. Abale athu acialubino amadziwa bwino zimenezi, cifukwa dzuwa limawabweretsera zilonda ndi khansa ya pakhungu.

Nanga sikani ikubwera pati?

Amayi ambiri amaidziwa sikani ya ku sikelo, ija acipatala amati ekografiya. Imatumiza m'thupi mafunde a phokoso limene khutu silingamve. Mafundewo akabwerera, amapanga cithunzi. Sikani ya mimba imaona patali mkati. Ya khungu imaona pafupi, koma imaona tinthu tating'ono kwambiri. Ya mimba imagwira pa 3 mpaka 5 MHz, pamene ya khungu imagwira pa 20 MHz. Imatha kuyeza kukhuthala kwa khungu m'mamilimita. Siipweteka, ndipo palibe kuceka.

Cifukwa ciyani kuyeza? Cifukwa diso ndi cala zimanamiza. Lero dokotala uyu akhudza cigamba, n'kunena kuti cafewa. Mwezi wamawa wina akhudza, n'kunena kuti palibe kusintha. Woona ndani? Sikani imapereka nambala. Akayeza asanayambe cithandizo, n'kuyezanso pakati ndi kumapeto, amadziwa ngati khungu likucepa kukhuthala. Ngati sizikusintha, amaleka kuwalako ndi kuyesa zina, monga mankhwala opaka kapena mapiritsi a methotrexate. Motero wodwala salandira kuwala kopanda phindu, komanso sataya ndalama zoyendera pacabe.

Kwa ife akhungu lakuda nkhaniyi ndi yaikulu. Madokotala amayang'ana kufiira kwa m'mbali mwa cigamba kuti adziwe ngati nthenda ikadali kuyenda. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Makina oyeza sasamala za mtundu wa khungu.

Kuno kwathu zili bwanji?

Tinene zoona. Makina a UVA1 ndi sikani ya khungu ndi odula, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zazikulu za maiko olemera. Ngakhale atafika ku Lichinga kapena ku Nampula mawa, mlimi wa ku Mecanhelas angasiye munda nthawi ya dzinja n'kukakhala kumeneko mwezi wathunthu? Ndalama za ulendo ndi za cakudya azitenga kuti?

Tsono vuto lathu loyamba lili pafupi: kudziwa kuti cigambaco n'ciyani. Kuno munthu akaona cigamba, ambiri amaganiza za khate, ena za ufiti. Wodwala amabisa khungu ndi nsalu, n'kucedwa kupita ku cipatala. Khate lilipodi. Mu 2008 Mozambique inalengeza kuti odwala khate acepa kufika pansi pa munthu 1 mwa anthu 10,000. Komabe caka ciliconse m'dziko muno mumapezeka odwala atsopano oposa 1,000, ambiri a iwo m'zigawo za kumpoto. Cigamba ca khate cimakhala cotuwa ndi cadzanzi: mukacikhudza ndi thonje, munthu samva. Ca scleroderma cimakhala colimba. Khate limacira ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12, ndipo ndi aulere. Wosiyanitsa matenda awiriwa ndi wacipatala, osati anansi.

Conco mgwirizano wa ku Geneva tidzauona pa zinthu izi: namwino wa pa cipatala ca kwanu waphunzitsidwa kuzindikira matenda a khungu? Pali njira yotumizira wodwala ku Cuamba kapena ku Lichinga? Angathe kutumiza cithunzi ca pa foni kwa katswiri wa khungu? Mafunso amenewa mutha kuwafunsa pa msonkhano wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi.

Zimene mungacite lero

Sikani ikutiphunzitsa cinthu cimodzi: yezani, lembani, yerekezani. Inu tsopano mumadziwa kulemba, eti? Tengani rula ya mwana wa sukulu. Yezani m'litali ndi m'lifupi mwa cigamba. Lembani m'kope tsiku, malo ake pa thupi ndi masentimita. Bwerezani mwezi uliwonse. Ngati pali foni, jambulani. Popita ku cipatala, kope musalisiye.

Musateme mphini pa cigamba ndipo musacitenthe, cifukwa khungu louma limacedwa kupola. Pakani mafuta kuti lisasweke, ndipo muziwongola ndi kupinda ciwalo tsiku ndi tsiku kuti mfundo zisaume. Ngati cigamba cili pa nkhope kapena pa mfundo ya mwana, musadikire mwezi. Ngati zala zikutuwa ndi kupweteka kukazizira, kapena mukubanika, kapena cakudya cikuvuta kumeza, pitani ku cipatala mlungu womwewo.